Ulusi Wakuda pa Mnofu wa Che Adamu

Dotolo wachipwitikizi ankabwera ku Insaca kamodzi pa miyezi iwiri, pamodzi ndi galimoto za asilikali, ndipo ankabwerera nazo tsiku lomwelo. Lachinayi lina m'chaka cha 1971 anatha maola awiri akudula chotupa paphewa lamanja la Adamu, msodzi wa ku Amaramba.

Hamida, mkazi wa Adamu, anadikira pakhonde la chipatala. Chotupacho chinayamba ngati njere ya chimanga zaka zisanu m'mbuyomo. Chinadulidwapo kamodzi, koma chinaphukanso, cholimba ngati chinangwa chokhalitsa m'munda.

Fadili, namwino womasulira mawu a dotolo, anatuluka akupukuta m'manja.

"Zatheka, mayi. Koma mumve bwino. Dotolo akuti imeneyi ndi khansa yapakhungu yosaonekaoneka. Siithamangira thupi lonse, koma imayala mizu pansi pa khungu ngati kapinga. Mnofu umene adulawo upita ku Nampula pa komboyo, sitima ya pamtunda, akauyeze ngati mizu yonse yachoka. Ausoka ulusi wakuda mbali yoyang'ana kukhosi, kuti muzu ukapezeka m'mphepete tidziwe podulanso."

Analowanso kukatenga botolo la mankhwala loikamo mnofuwo. Posakhalitsa anatuluka chothamanga.

"Mbale ya mnofu ija ilibe kanthu! Ndinaisiya pazenera. Akulu aja munabwera nawo ali kuti?"

Hamida anayang'ana pabenchi. Che Haji, amalume a Adamu, panalibe, ndipo ketulo yawo yosambira popemphera inalibenso.

Anawapeza kuseri kwa chipatala, pansi pa mtengo wa mango, akukumba ndi khasu lobwereka. Pambali pawo panali kamtolo kansalu yoyera.

"Che Haji, mwatani?" anafunsa Hamida.

"Ndachita zoyenera. Mnofu wa Msilamu sukwera komboyo ngati usipa. Ndausambitsa, ndaukulunga, tsopano ndiuike m'nthaka."

"Ndithandizeni, bambo," anatero Fadili. "Nanenso ndine wa ku mzikiti. Koma umenewu ukakwiriridwa, Adamu yemwe mum'kwirira nawo."

Che Haji anasiya kukumba. Kenaka analoza kamtoloko ndi chibwano. Fadili anamasula nsaluyo, n'kutembenuza mnofuwo kawiri.

"Ulusi uja?"

"Ndachotsa. Munaonapo munthu akuikidwa ndi ulusi wa mzungu m'thupi?"

Dotolo ataona, nkhope yake inafiira. Analankhula mofulumira, ndipo Fadili anamasulira atayang'ana pansi. Mnofuwo unali wozungulira ngati chivundikiro cha mphika. Popanda ulusi, panalibe wodziwa kumtunda ndi kumunsi kwake, choncho yankho la ku Nampula likanakhala lopanda ntchito. Dotolo sakanatha kusiya munthu ndi mizu osadziwa mbali yake. Njira yotsala inali kudulanso tsiku lomwelo, mbali zonse, mpaka mumnofu wonyamula mkono.

Adamu anagona chammbali, bala litatsekedwa ndi thonje. Anali maso.

"Mkonowu udzakoka khoka?" anafunsa.

Fadili anafunsa dotolo, n'kupukusa mutu. "Udzafika pakamwa. Kupitirira apo, ayi."

Kunja galimoto ya asilikali inaliza hutala. Dotolo anayang'ana wotchi yake, nayamba kudzaza jekeseni.

"Dikirani," anatero Hamida. "Ndiuone."

"Mayi, nthawi yatha."

"Ndati ndiuone."

Fadili anam'patsa mbaleyo. Hamida anapita nayo pazenera. Phewa limenelo analisambitsa zaka zisanu, koma tsopano khungulo linali lotuwa, lokhwinyata, ngati la munthu wina. Analizungulitsa pang'onopang'ono ndi chala. Hutala inaliranso. Pafupi ndi m'mphepete anaona zimene ankafuna, timizere titatu tating'ono togundizana.

Anacheukira Che Haji, amene anaima pakhomo. Chinthu chimenechi iye ndi mwamuna wake anabisira mudzi wonse.

"Kukhosi ndi uku," anatero.

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa Fadili.

"Izi ndi mphini. Chaka chatha ndinapita nawo kwa sing'anga kutsidya, ku Malawi. Anawatema katatu pamwamba pa chotupa, molunjika khutu. Ndinawagwira mutu ndine."

"Kwa sing'anga?" Mawu a Che Haji anadzaza chipinda. "Iwe Adamu, unandiuza kuti wapita kukagulitsa nsomba! Mwana wa mlongo wanga, wosala Ramadani yonse, kukatemedwa mphini?"

"Zinkandipweteka, amalume," anatero Adamu motsitsa.

Dotolo anafuna kudziwa chimene ankakanganira. Atamva, anaika jekeseni pansi, natenga mbaleyo. Anayang'anitsitsa timizereto, kenaka anasuzumira khungu lotsala paphewa, n'kufunsa funso limodzi.

"Akuti mukutsimikiza?" anatero Fadili. "Mukalakwa, adzadula mbali yabwino n'kusiya yodwala."

Hamida anatseka maso. Anakumbukira lumo la sing'anga, ndi khutu la mwamuna wake lili pansi pa chikhato chake.

"Ndikutsimikiza."

Dotolo anasoka ulusi wina pafupi ndi mphinizo, naponya mnofuwo m'botolo. Anamanga bala, nathamangira kugalimoto. Fadili anakwera njinga kupita nalo botololo ku siteshoni ya Entre Lagos. Che Haji anatola ketulo yawo n'kunyamuka okha, osatsanzika.

Kalata ya ku Nampula inabwera ndi dotolo ulendo wotsatira. Muzu umodzi unatsala, mbali ya ulusi. Anadula pamenepo pokha, kachigawo kotalika ngati chala.

Che Haji sanalankhule ndi Hamida mpaka mvula itagwa. Mwezi umenewo Adamu analowanso m'bwato. Tsiku loyamba Hamida anaima pagombe mpaka anaona mkono wamanja ukukwera pang'onopang'ono kupitirira mutu, n'kuyamba kukoka chingwe cha khoka.