Ndiuzeni Zambiri

"Imani pomwepo. Akulankhula apa ndani?"

"Ndine."

"Nanga apa?"

"Ndine ndemwe."

"Ndiye mayi amene munapita kukacheza nawo aja ali kuti? Anathawa?"

Profesa anazimitsa rekoda n'kuikankhira kutsogolo. Wophunzira wawo anayang'ana pansi. Kunyumba mwamuna wake anali atayamba kale kumutchula kuti Dokotala, ngakhale digiriyo inali idakali kutali. Kafukufuku wake anali wa anthu ogwira ntchito ya mashifiti ndi mabanja awo, ndipo kumeneku kunali kuyeserera kwake koyamba.

"Inu mumafunsa, n'kuyankha nokha, kenako n'kumuthokoza munthu chifukwa cha yankho lanu," anatero Profesa. "Funsani kamodzi, ndiye tsekani pakamwa. Munthu akakhala chete musamupulumutse, zenizeni zimabwera pambuyo pa cheteyo. Akanena zopweteka, nkhope yanu isasinthe. Mukasowa chonena muzingoti, ndiuzeni zambiri. Kayesereninso ndi wina aliyense wa mashifiti. Dzina lake musandiuze, ndi lamulo."

Wa mashifiti anali naye m'nyumba momwemo. Mwamuna wake ankayang'anira makina pafakitale yopanga mabotolo. Lamlungu masana Dokotala anasuntha mabuku patebulo lodyera, malo a zigongono ziwiri n'kupezeka.

"Lero a Dokotala akumbukira kuti ali ndi mwamuna," anatero bamboyo akukoka mpando. "Ndivale taye?"

"Khalani pansi inu. Kuyambira pano sindine mkazi wanu, ndine wofufuza. Simukundidziwa."

"Zimenezo sizivuta."

Anamufotokozera kuti dzina lake libisidwa ndipo akhoza kusiya nthawi iliyonse. Kenako anadina batani, kagetsi kofiira n'kuyaka.

"Ndiuzeni zimene zimachitika mukaweruka kuntchito."

"Ndimapita kunyumba."

Mafunso atatu anafika palilime la Dokotala nthawi imodzi. Anawameza onse. Firiji inkalira pakona. Panja wina ankakolopa pakhonde.

"Osati nthawi yomweyo," anatero mwamunayo. "Shifiti ya m'mawa imatha dzuwa lidakali pamutu. Anzanga amathamangira basi. Ine ndimatsala m'chipinda chosinthira zovala, pabenchi, n'kumamvera makina a anzathu olowa masana."

Zikutheka, anaganiza Dokotala, ndipo kwa kanthawi anasangalala.

"Ndiuzeni zambiri."

"Kwathu kuli ngati kulaibulale, mayi. Nsapato ndimavulira pakhomo. Tiyi ndinasiya kutakasa, supuni imasokosa. Musandimve molakwa, mkazi wanga ndi munthu wabwino, wanzeru zedi. Ndikayamba kulankhula amandimalizira, ndipo mawu ake amakhala abwino kuposa amene ndimafuna kunena. Ndiye ndimangoti eya."

Dokotala anagwedeza mutu pang'ono, monga mmene anamuphunzitsira: osavomereza, osatsutsa.

"Achimwene anga atamwalira, anandikhazika pansi n'kundifotokozera magawo onse a chisoni amene ndidzadutsemo, kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Sanalakwitse ngakhale limodzi." Anaseka pang'ono. "Ine ndinkangofuna kumuuza kuti achimwene ndi amene anandiphunzitsa kukwera njinga. Mpaka lero sakudziwa."

Tsopano ankadziwa. Anadina chala chachikulu cha kuphazi pansi mwamphamvu, pamene mwamunayo sakanatha kuona, ndipo nkhope sinasinthe.

"Kampani yatsegula fakitale ina kutali," anapitiriza bamboyo. "Ankafuna munthu woti akakhale komweko. Ndinakweza dzanja. Ndinyamuka kutha kwa mwezi uno."

"Akazi anu akuti bwanji?"

"Sindinawauze. Bwana anati ndikhoza kusintha maganizo ngati kunyumba angakane."

Anayang'ana rekoda, kenako anayang'ana mkazi wake. Dzanja lake linali patebulo, chikhatho chili m'mwamba, pafupi ndi mulu wa mabuku.

Batani lozimitsira linali pansi pa chala cha Dokotala. Koma akanazimitsa akanakhalanso mkazi wa munthu, ndipo mkaziyo, kwa nthawi yoyamba chikwatiwire, analibe mawu. Wofufuza yekha ndi amene anali nawo. Komanso Profesa anali atanena kuti zenizeni zimabwera pambuyo pa chete. Mwina pambuyo pa chete ameneyu mwamunayo akanati, ndikuseka, kapena, tiye tonse. Choncho anadikira. Mwamunayo nayenso anadikira. Firiji inasiya kulira.

"Ndiuzeni zambiri," anatero Dokotala.

Dzanja lija linatembenuka.

"Zatha, mayi. Palibenso zambiri."

Mwamunayo anazimitsa yekha rekodayo n'kubwezera mpando pamalo pake osaukhukhuluza.

Masiku otsatirawo Dokotala anakonza zoti anene. Zinali zomveka bwino, zokhala ndi poyambira ndi pothera, ndipo nthawi iliyonse akatsegula pakamwa ankamva kuti ndi zomwe zija zabwino kuposa za mwamunayo, n'kutsekanso. Anamusitira malaya. Mwezi utatha bamboyo ananyamula masutikesi awiri, nsapato zili m'manja mpaka pakhomo.

Ntchito imene inamutsalira Dokotala inali yolemba zonse zojambulidwazo, liwu ndi liwu, pamodzi ndi kutsokomola ndi kuseka komwe. M'malo mwa dzina analemba kuti Woyankha Wachiwiri. Atafika pa chete uja anasowa cholemba. Anabweza, n'kumveranso. Chikhalire ankakonda zinthu zofuna kumasula, ndipo ichi anachimasula msanga: anafufuza pamene mkazi wa Woyankha Wachiwiri akanalowerera. Malowo analipo ambirimbiri. Pamene firiji inasiya kulira. Pamene mpando unalira. Pamene mwamunayo anakoka mpweya ngati akufuna kutchula dzina la munthu. M'nyumba munali zii, mmene ankafunira kale kuti muzikhalira.

Profesa anamvera zonse ali chitsinzinire, manja atapinda pamimba. Zitatha anavula magalasi.

"Izi ndiye zimene ndinkanena. Mwaona mmene anatsegukira bamboyu? Makamaka apa." Anabweza mpaka pa chete uja n'kumusiya ayende yense, muofesi n'kudzaza kulira kwa firiji ya kunyumba kwa Dokotala. "Wina aliyense akanalowerera apa. Inu munapirira. Ndidzawamveretsa anzanu a chaka choyamba, aphunzirepo."

"Zikomo, Profesa."

"Mukudwala? Maso afiira."

"Ndi kompyuta."

"Muzipuma. Koma pali chimodzi." Anagogoda rekoda ndi cholembera. "Zaka zonsezi ndamvera anthu ambiri. Munthu uyu sanamalize ayi. Akuti zatha, koma tamverani mpweya wakewo, pali chimene ankadikira. Pafunika kucheza naye kachiwiri."

Dokotala anayang'ana kagetsi ka rekoda.

"Mungamupezenso?"