Kadontho Kofiira pa Grafikisi Khadi

"Chagwiranso!" anakuwa Omari msodzi, n'kuponya padi yosewerera gemu pabenchi. Wosewera mpira wa pa sikirini anali ataima mwendo uli m'mwamba, osagwa osamenya. "A Pitala, iyi si kompyuta, ndi ngolo. Anyamata, tiyeni kwa Gerson."

Asodzi aja anatuluka onse akuseka. Edina, mkazi wa Pitala, anawapatukira pakhomo la shopu yawo ya magemu pa Lifuwu, mtima ukuwawa. Mpunga wake wonse wa chaka chino, umene anauweramira m'matope a ku sikimu ya ulimi wothirira mpaka msana kuuma, unathera pa kachipangizo kamodzi kotchedwa grafikisi khadi, kamene amati ndi koyendetsa zithunzi za magemu kuti zisamagwiregwire.

Anawasankhira ndi Gerson, mchimwene wake wa Edina wa bere limodzi, wokonza makompyuta pa boma pa Salima. Iyeyo ndiye anadzayeza m'bokosi la kompyuta ndi tepi, n'kunena kuti ya mafani atatu singakwane, agule ya awiri, asinthenso pawa saplayi, kabokosi kogawa magetsi mkatimo, kuti zisapse. Anaperekeza Pitala mpaka ku Lilongwe kokagula.

Khadiyo itafika kunyumba, Edina anachita zimene amachita ndi katundu wake yense. Mbale, mapoto ndi mabeseni ake amaziika kadontho ka kyutekisi wofiira wopaka m'zikhadabo, kuti zikabwerekedwa kumaliro kapena ku ukwati zizidziwa njira yobwerera. Anadontheza kamodzi pakona ya pulasitiki ya khadiyo.

"Kodi nayonso ipita kumaliro, mayi a Mercy?" anamuseka Pitala tsiku limenelo.

Gerson anati fumbi la ku Lifuwu ndi loipa, akaikira kwake. Kompyuta inabwerako ikutsimphinabe. Ndiye mwezi usanathe, munthu yemweyo anatsegula shopu yakeyake ya magemu tsidya la msewu, pafupi ndi chigayo cha mpunga.

"Alamu akuti vuto ndi magetsi athu," anatero Pitala, akupukuta sikirini mwaulemu ngati ya eni. Bambo ameneyu, ngakhale mutamuuza kuti nyanja yasamukira ku Dedza, angakufunseni za thiransipoti.

M'mawa mwake Edina anatenga chambo ziwiri kukaona mchimwene wake, poti sanamuyamikirepo pa bizinesi yatsopano. Anapeza m'shopu muli thothotho, mpira ukuyenda pa sikirini ngati wa pa TV. Kompyuta ya Gerson inali ya galasi m'mbali, timagetsi tikuthwanima mkati. Edina anawerama kuti asirire. Anaona mafani awiri akuzungulira, ndipo pakona panali kadontho kofiira.

Inali khadi yawo ija. Akanakhala wakuba wa pa depoti, Edina akanangotukwana n'kuiwala, koma Gerson anamubereka kumsana ali mwana, ndipo ndi yemwe anamuimira ngati nkhoswe pa ukwati wake.

"Achimwene, kyutekisi munayamba kupaka liti?"

Gerson anayang'ana pamene mlongo wake ankaloza, kumwetulira n'kuuma. Anamukokera pambali.

"Usakweze mawu, Edina. Ndinangobwereka. Ndinawaikira yanga yakale, imagwira bwinobwino. Alamu aja chinthu chapamwamba ngati ichi akanangochiononga."

"Wobwereka amaodira pakhomo. Inu munatisankhira ife, kapena munkadzisankhira nokha ndi mpunga wanga?"

"Aa, iwe, chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupa limatsamwitsanso, achimwene. Zimitsani."

"Anthu akusewera!"

"Ndati zimitsani."

Edina sanasunthe. Asodzi anaika mapadi pansi mmodzimmodzi, Omari n'kuimba kaluzu kotsitsa. Gerson anazimitsa, natenga sikuludiraiva. Anamasula galasi, anazula nthambo, n'kutulutsa khadi ija ikadali yofunda. Edina anaikulunga pachitenje monga amachitira ndi mbale zake pochoka pamaliro.

"Nanga akuikirani ndani?" anafunsa Gerson chapansipansi.

"Tikafuna mlendo. Mlendo timadziwa kumuyang'anira."

Chambo zija anazisiya patebulo, poti anali atapereka kale. Anadutsa msewu osacheuka, naika mtolowo m'manja mwa Pitala, amene anaumasula n'kuona kadontho kaja.

Masana omwewo Edina anaimbira foni mkazi wa Gerson. Sanakalipe. Anangomupempha kuti ayang'ane m'nyumba monse, ndipo chilichonse chokhala ndi kadontho kofiira, ngakhale kasupuni, chibwerere kwawo dzuwa lisanalowe.