Thabwa la Bawo Pakhonde Pathu

Kwathu ku Khuyu, pa chilumba cha Likoma, sitinali banja losewera. Makadi Amayi ankawatchula kuti njuga, ndipo njuga sinkalowa m'nyumba ya mayi wa mpingo. Ndili folomu wanu anandipeza nawo m'chikwama cha sukulu, n'kuwasonkhezera pamoto ine ndikuona. Masewera a bawo ndiye ankadana nawo kuposa, chifukwa ndi amene ankawalanda mwamuna. Atate, a Basil, akangochokera kunyanja n'kuyanika ukonde, ankasamba, kuvala malaya oyera, basi ulendo wa ku Chipyela, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golosale ya a Matias. Thabwa lawo la bawo linkagona komweko. Pakhomo pathu linali lisanafikepo.

Mwezi wa Febuluwale Atate anagwa m'munda wa chinangwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo anayamba kuchita kukoka, pakamwa panapotoka. Mawu anawatsalira ochepa: eya, iyayi, madzi. Ena onse ankatuluka ngati phala, moti patapita milungu ingapo anasiya n'kuyesa komwe. Kuwasambitsa anali Amayi, koma kuwanyamula, kutunga madzi, kuchapa zofunda m'mawa uliwonse, zonsezo zinali zanga, ine Rosebell, mwana wotsiriza amene sanapite kulikonse. Benchi langa la tomato kumsika ndinalisiya. Sindinama, ndinkatopa, ndipo masiku ena ndinkakwiya ndi munthu amene sanandilakwire.

Mu Seputembala achimwene anga a Mclean anatsika sitima kuchokera ku Lilongwe kumene amagwira ntchito. Anabwera ndi shuga, sopo, ndi maganizo opsa kale. Tsiku lomwelo tinakhala pakhonde, Atate ali pampando wawo wandalema, achimwene n'kuyamba kuyala nkhani.

"Sitima ikamabwerera ndinyamuka nawo. Kwanga chimbudzi chili m'nyumba momwemo, ndipo ndapeza kale munthu woti aziwayang'anira. Amayi, inu mutsale kaye musunge nyumba ndi munda, muzibwera kudzawaona."

Amayi anangoyang'ana pansi. Iwo ndi Atate akhala limodzi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, akukangana tsiku ndi tsiku, koma sanagonepo motalikirana kupitirira sabata.

"Nanga eni akewo mwawafunsa?" ndinatero ine.

"Ndiwafunse chiyani, Rosebell? Iwenso ukuona. Mutu unapita uwu, changotsala ndi thupi. Tisamadzinamize."

Ananena zimenezo Atate ali pomwepo, mtunda wake wongotambasula dzanja. Ndinamva kutentha m'makutu. Koma choipa n'chakuti kamtima kena mwa ine kanati, mwina akunena zoona, mwinanso msana wanga upumeko. Ndinachita manyazi ndi kamtima kameneko, ndiye ndinangodzuka kukatsuka makapu oyera kale.

Pa Likoma nkhani siyenda ndi sitima, imayenda yokha. Kutacha, titangodya chakudya chamasana, tinaona a Matias akukwera kanjira ka pakati pa miyala, atasenza thabwa paphewa, kathumba ka nkhomo zosewerera bawo kakulendewera m'manja. Ndi munthu wamkulu a Matias, kuchokera ku Chipyela wapansi dzuwa limene lija sichinali chinthu chapafupi. Anafika ali wefuwefu.

"Ndamva kuti mnzanga akupita," anatero atapuma. "Ndiye ndati katundu wake ndisakhale naye. Apite naye, mwina kumeneko akapeza wosewera naye."

Anaika thabwa pamkeka. Linali lakuda ndi manja a anthu, maenje ake osalala ngati mkati mwa chipande. Amayi analiyang'ana ngati mmene amayang'anira mbuzi ya eni ikalowa m'munda, koma poti mlendo anali atatopa, anangoti, "Mwachita bwino," n'kukatenga madzi akumwa.

Atate anayamba kung'ung'udza. Ine ndinaganiza kuti akufuna kuchimbudzi, ndinaimirira. Anapukusa mutu, n'kuloza thabwa ndi dzanja lamanzere. Kenako analoza achimwene.

"Akufuna musewere nawo," anatero a Matias.

Achimwene anaseka pang'ono. "Chabwino, tiwasangalatse."

Bawo achimwene amadziwa. Anaphunzira ali mnyamata pansi pa mango paja, ataima kumbuyo kwa Atate, ndipo chiyambire anali asanawagonjetsepo ngakhale kamodzi. Tinakweza thabwa pa tebulo laling'ono, a Matias n'kuyala nkhomo m'maenje. Atate anatambasula dzanja lamanzere kuti atole. Dzanjalo limanjenjemera. Nkhomo zitatu zinagwera pansi, imodzi inagubuduka mpaka pabwalo, nkhuku n'kuithamangira.

"Ndikugwirireni ndine, Atate," ndinatero. "Inu muzingoloza."

"Iyayi."

Anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka maso anakafika pa Amayi, amene anali ataima pakhomo ndi jagi ya madzi.

"Ine?" anatero Amayi. "Bambo a Mclean, mwayamba misala? Zaka zonsezi ndakhala ndikudya ndekha ndiwo zozizira chifukwa cha chithabwa chimenechi, lero ndichigwire ndi manja anga?"

Atate sanachotse maso. Amayi anaika jagi pansi, anamanga bwino chitenje, n'kukoka kampando kukhala kumanja kwa Atate, mbali ya dzanja lakufa lija. "Anthu akumpingo asamve," anatero.

A Matias anawaphunzitsa mwachidule. Munthu aliyense ali ndi mizere iwiri. Mumatola nkhomo zonse za m'dzenje limodzi, n'kumaponya imodziimodzi m'maenje otsatira. Yomaliza ikagwera pamene pali zina, moyang'anana ndi nkhomo za mnzanu, mwadya zakezo. Ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, mwagona, asewere mnzanu. Amene mzere wake wakutsogolo watha, wagonja.

"Basi zomwezo?" anatero Amayi. "Ndiye zimenezi n'zimene zimakutengerani tsiku lonse?"

Anayamba. Atate ankaloza dzenje ndi chala, n'kupendeketsa mutu kusonyeza kolowera. Amayi ankatola n'kumawerenga mokweza ngati mwana wa sitandade wanu, "Imodzi, ziwiri, zitatu," ndipo a Matias ankatseka maso ngati akumva kupweteka, chifukwa pansi pa mango munthu wowerenga mokweza amasekedwa mpaka chaka chimathe. Kawiri konse Amayi anadumpha dzenje. Kawiri konseko Atate anawagwira pamkono n'kuwabweza.

"Ndaona, ndaona," ankatero Amayi. "Musandikoke ngati ukonde."

Ine ndinakhala pamkeka ndikusenda chinangwa chokaviika, koma mpeni unkangoima wokha. Kunali bata. Mbuzi zinali zitagona pamthunzi wa mlambe, ndipo chomwe chinkamveka ndi nkhomo kugwera m'maenje, kho, kho, kho, ndi mawu a Amayi akuwerenga. Ana awiri a kwa aneba anabwera kudzasuzumira, atatopa anabwerera. Ndinazindikira kuti chibadwire changa ndinali ndisanaonepo anthu a m'nyumba mwathu atakhala pamodzi chonchi popanda chakudya, pemphero kapena maliro.

Poyamba achimwene ankasewera foni ili m'dzanja lina. Atate atawadya kachitatu, ndipo Amayi atanena kuti, "Bwera nazo kuno, mwanawe," uku akukokola nkhomo za mwana wawo yemwe, foni ija inalowa m'thumba. Komabe nkhope yawo inali ya munthu amene akusewera ndi mwana. Atate akadya, iwo ankati, "Eee, mwaona, Atate akutha," ndi mawu aja timanenera mwana akayamba kuyenda.

Masewera atafika pakati, Atate anali ataunjika nkhomo zambiri m'dzenje limodzi la kutsogolo. Ngakhale ine wosadziwa ndinaona kuti chuma chawo chonse chili pamenepo. Inali nthawi ya achimwene. Anayang'ana thabwa nthawi yaitali, milomo ikugwedera. Dzanja lawo linapita pa dzenje lina la kumbuyo momwe munali nkhomo zisanu ndi ziwiri, linaima m'mwamba, kenako linachoka n'kukatola tiwiri ta pakona. Anaponya, kho, kho, n'kugona.

A Matias anatsokomola n'kuyang'ana kumbali.

Atate anamenya tebulo ndi chikhatho. Sanamenye mwamphamvu, mphamvuzo alibe, koma nkhomo zinadumpha m'maenje. Nkhope yawo ndinaizindikira. Ndi ija ankaonetsa kale tikawanamiza.

"Iyayi," anatero.

"Chavuta n'chiyani, Atate? Ndi nthawi yanu, sewerani," anatero achimwene.

"Iyayi."

Anatambasula dzanja lonjenjemera lija kudutsa mizere yawo, kudutsa mzere wakutsogolo wa achimwene, mpaka chala chinakagwa pa dzenje la nkhomo zisanu ndi ziwiri lija. Anagogoda pamenepo katatu. Kenako chala chinayenda dzenje ndi dzenje, pang'onopang'ono, kuzungulira pakona, n'kudzaima moyang'anana ndi mulu wawo womwe. Anayang'ana mwana wawo m'maso.

"Akuti chiyani?" anafunsa Amayi.

A Matias anayankha motsitsa mawu. "Akuti mwanayu wawalekerera dala. Akanatola apa akanawadya mulu wonsewu, ndipo iyeyo anaona. Mnzangayu akuti abweze, asewere zenizeni." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Pa malamulo, ukatola watola. Koma ngati mwini wake wodyedwayo ndi amene akulamula, ine ndilibe mawu."

Achimwene anabweza tiwiri tija pakona, anatola zisanu ndi ziwiri zija, n'kuyamba kuponya. Yomaliza inagwera pomwe chala cha Atate chinaima. Anakokola mulu wonse, dzanja limodzi losakwanira, ndipo Amayi anati, "Iii, mwana wopanda chisoni iwe," ngati kuti si iwo amene ankamukokolera zake posachedwapa.

Atate sanagonje msanga. Ndi nkhomo zochepa zomwe zinatsala anazunguza achimwene pafupifupi theka la ola, ndipo apa achimwene anali atavula wotchi, atawerama, thukuta lili pamphuno. Panalibenso zoti Atate akutha. Amayi anali atasiya kuwerenga mokweza, dzanja lawo linkangopita pomwe chala chaloza. Koma mulu uja unali waukulu. Pamapeto mzere wakutsogolo wa Atate unatsala mbee.

A Matias anati, "Watha." Atate anatsamira kumpando, mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera m'mwamba. Kanali koyamba kuwaona akumwetulira kuyambira Febuluwale, ndipo anamwetulira atagonja.

Achimwene sanasangalale. Anakhala akuyang'ana nkhomo zodzaza mbali yawo. Kenako anatsika pampando, munthu wa buluku lakusita, n'kunjuta pansi pafupi ndi mawondo a Atate monga tinkachitira tili ana tikaitanidwa.

"Atate, dzulo ndinayankhula zoipa pamaso panu. Munamva zonse?"

"Eya."

"Mundikhululukire. Ndikufunseni tsopano. Ku Lilongwe mukufuna kupita?"

"Iyayi."

Linatuluka loyera bwino, lopanda phala m'kati. Amayi anatulutsa mpweya, n'kuyamba kutolera nkhomo m'kathumba mofulumira ngati pali amene wawatuma.

"Ndamva," anatero achimwene. "Simupita. Munthu wothandiza uja tidzamupeza konkuno."

Ine ndinali chikhalire pamkeka, mpeni m'manja. Ndinasangalala, inde. Koma ndinaonanso zofunda za mawa, ndi za mkuja, ndi ndowa zamadzi zokwera nazo kanjira ka miyala kaja, ndipo mtima unalemera nthawi yomweyo. Ndinkaganiza kuti palibe akundiona. Nditadzutsa mutu ndinapeza Atate akundiyang'ana, ndi maso omwe aja anaonera dzenje la nkhomo zisanu ndi ziwiri. Anandikodola. Ndinasendera pafupi, iwo n'kundigwira padzanja, dzanja lawo likunjenjemera pa langa. Analimbana ndi pakamwa pawo kanthawi ndithu, tonse tikudikira.

"Pepa," anatero.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinkawatembenuza pabedi ndikung'ung'udza, nthawi zina ndikunena mawu amene sindingawabwereze pano, poganiza kuti sakumva. Wopepesa ndinayenera kukhala ine. Ndinangogwira dzanjalo ndi manja onse awiri mpaka linasiya kunjenjemera.