Atsekwe Otola ku Dambo

"Siyani! Musadulenso nyamayo!"

Mayi anadzidzimuka mpaka mpeni unagwera m'beseni. Amuna awo anali ataima pakhomo la khitchini, nsapato zili matope okhaokha, kamera ikulendewera pakhosi. Patebulo panali atsekwe awiri ososola kale, mmodzi atatumbulidwa.

"Mwatani kodi bambo ake? Mwandidula mtimatu."

"Atsekwe amenewa achokera kuti?"

"Abwera nawo achimwene. Ali panjapo, akusamba m'manja."

Bamboyo anthu ankangowatchula kuti Ajambuli, chifukwa anali ndi kachipinda kojambulira zithunzi za ziphaso ndi za maukwati. Koma mtima wawo unali ku dambo lalikulu la kuseri kwa tauni. Loweruka lililonse m'mawa, kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ankapita kumeneko kukajambula mbalame. Ankadziwa kuti adokowe amafika mvula ikayamba, akakowa amamanga zisa madzi akadzaza m'mabango, ndipo chilimwe chikafika pachimake avuwo amaunjikana pa thamanda limodzi lotsala. Zonsezi ankazilemba m'kabuku, tsiku ndi malo ake.

Mlamu wawo, yemwe ankaumba njerwa m'mphepete mwa dambolo, analowa akupukuta manja pa malaya.

"Alamu, atsekwewa mwawapeza bwanji?" anafunsa Ajambuli.

"Ndakola ndekha. Bwanji, mbalame zanu zija zakudandaulirani?"

"Sindikuseka ine. Taonani apa."

Anayatsa kamera n'kuyamba kuonetsa zithunzi. Atsekwe anali ngundangunda m'matope, makosi atapindika. Akakowa awiri ankayandama chagada. Nkhwazi inali itafera pambali pa tsekwe amene inayamba kudya.

"Ndawerenga mbalame zakufa makumi awiri ndi zitatu m'mawa uno wokha," anatero Ajambuli. "Zaka zonsezi sindinaonepo zoposa ziwiri pa tsiku. Ku dambo kwagwa chinachake."

Mlamu anakwinya nkhope. "Ndiye mukuti ndabweretsera mlongo wanga zofa zokha? Ine ndimati ndikuchita zabwino. Munthu wosauka akapatsa, amamufunsa mafunso ngati wakuba."

"Achimwene, musatero," anatero mayi. "Nanunso bambo ake, lankhulani bwino. Nyama ikuoneka yabwinobwino iyi. Tikaiphika n'kupsa, chingatsale n'chiyani?"

Asanayankhe, panja panamveka kulira kwachilendo. Onse atatu anatuluka. Galu wawo anali atagwa pafupi ndi dzala, dovu lili chuchuchu, miyendo ikunjenjemera. Anayesa kudzuka koma anagwanso.

Mayi anagwira pakamwa. "Ndinamuponyera matumbo aja."

Anathamangira kumpanda n'kuitana aneba awo, mayi amene ankagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo. Mlangiziyo anabwera msanga. Anayang'ana galu, anayang'ana zithunzi, kenako anatembenukira kwa mlamu.

"Bambo, pano sitikuweruza mlandu. Ndiuzeni zoona, chifukwa moyo wa anthu uli pa yankho lanu. Atsekwewa munawakola?"

Mlamu anayang'ana pansi. "Ndinawatola. Awiri anali atafa kale koma akadali ofunda. Ena awiri ankangodzandira ngati oledzera, ndinawagwira ndi manja."

"Anayi?" anafunsa Ajambuli. "Nanga awiri enawo ali kuti?"

Mlamu anakweza mutu pang'onopang'ono, maso ali tong'o.

"Ndasiyira akazi anga. Ndinawauza kuti aphikiretu."

Mkazi wa mlamuyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mayi anatulutsa foni n'kumuimbira. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, osayankhidwa.

"Foni amaisiya kuchipinda akamaphika," anatero mlamu, thukuta lili kamukamu.

"Tisataye nthawi," anatero mlangizi. "Ajambuli, tengani njinga yanu yamoto, mukwere ndi alamu anu. Ngati mkazi wawoyo wadya, musamusanzitse, ndipo musamupatse mkaka kapena mankhwala alionse. Mupite naye kuchipatala pompo, ndipo mukanene zimene wadya. Inu amayi, sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Nyamayi musaigwirenso ndi manja. Tiinyamula titavala majumbo m'manja, tiimange m'jumbo ina. Ine ndikuimbira a zaziweto."

Ajambuli sanayendetsepo njinga mothamanga ngati tsiku limenelo. Pamsika panali chigulu cha anthu, ndipo lole yotsitsa simenti inali itatseka msewu. Mlamu anadumpha n'kuyamba kuthamanga wapansi, akudutsa pakati pa mabenchi a ogulitsa. Ajambuli anazungulira njira ya kuseri. Anafika pakhomo nthawi imodzi.

Fungo la nyama linawachingamira pabwalo. Mkazi wa mlamu anali atakhala pa kampando pafupi ndi mbaula, chipande chili m'manja.

"Mwadya?" anakuwa mlamu. "Amayi, mwadya kodi?"

"Ndangolawa msuzi kuti ndimve mchere. Kwagwanji?"

"Kangati?"

"Kawiri. Mwina katatu. Mukundiopsatu inu."

Ajambuli anaphula poto n'kumuvundikira. Mlamu anafuna kuthamangira kukagula mkaka, koma Ajambuli anamugwira mkono. "Mwaiwala zimene atiuza? Kuchipatala basi."

Ali m'njira, mayiyo anayamba kudandaula mutu ndi nseru, malovu akudzaza m'kamwa. Kuchipatala anamulandira mwachangu. Ajambuli anafotokoza za atsekwe ndi za galu, n'kuonetsa zithunzi. Dokotala anangoti, "Mwachita bwino kunena. Tsopano tikudziwa poyambira." Chitseko chinatsekedwa.

Ajambuli ndi mlamu anakhala pa benchi ya pakhonde maola atatu. Mlamu sanakhazikike. Ankangopotokola chipewa chake, kuimirira, kukhalanso. Akazi a Ajambuli anafika limodzi ndi mlangizi, ndipo anawauza kuti galu uja wafa a zaziweto asanafike. Mlamu atamva zimenezo anabisa nkhope m'manja.

"Ndapha mkazi wanga ndi mwana wanga chifukwa cha nyama yaulere."

"Simunaphe munthu," anatero mlangizi. "Mwanena zoona nthawi ikadalipo. Ena amabisa chifukwa cha manyazi, ndipo timadzamva mochedwa."

Dzuwa litapendeka, namwino anatuluka. "Achibale a mayi woyembekezera uja ndani? Ali bwino. Mtima wa mwana ukugunda bwinobwino. Agona konkuno masiku awiri kuti tiwaone."

Mlamu anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kuyamba kulira mosabisa.

M'mawa mwake Ajambuli anatsogolera wa zaziweto ndi woyang'anira zachilengedwe ku dambo. Anali atavala magolovesi ndi zotseka pakamwa. Woyang'anira zachilengedwe anafunsa ngati mbalame zimafa chonchi chaka chilichonse madzi akamaphwa.

"Ayi," anatero Ajambuli, akutsegula kabuku kawo. Anamuonetsa zithunzi za malo omwewo, mwezi womwewo, chaka ndi chaka. Atsekwe ankadya cha kumadzulo, kumene kuli udzu wanthete. "Koma masabata awiri apitawa asamukira pamalo ena ouma, pamene sindinawaonepo. Ndinadabwa, koma sindinauze aliyense."

Anapita pamalopo. Pansi pa udzu anapeza njere zamtundu wachilendo, zomwazidwa m'mizere. Wa zaziweto anazitola ndi supuni n'kuziika m'botolo.

"Zikuoneka kuti wina ananyika njerezi m'mankhwala a m'munda kuti azigwira atsekwe mosavuta," anatero. "Tikaziyeza kaye. Mbalame zikafa zambiri chonchi, ukhoza kukhala poizoni, akhozanso kukhala matenda ogwira ndi anthu omwe. Ndi maso simungasiyanitse, ndipo musadalire moto kuti uchotsa poizoni."

Zotsatira zitabwera, zinatsimikiza kuti anali mankhwala. Njere zonse zinasesedwa, mbalame zakufa zinakwiriridwa m'dzenje lakuya, ndipo anthu awiri amene ankamwaza njerezo n'kumagulitsa atsekwe ootcha pamsika anagwidwa.

Patapita sabata, mlangizi anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Ajambuli anapachika zithunzi zawo pachingwe, kuyambira za nthawi ya mvula mpaka za chilimwe, ndipo kumapeto anaika za tsiku lija. Anavomera pamaso pa anthu kuti akananena msanga za kusamuka kwa atsekwe, mwina zoopsazi zikanapeweka. Anthu khumi ndi awiri analembetsa kuti aziyendera dambo mosinthana n'kumalemba zimene aona. Woyamba kulembetsa anali mlamu, mkazi wake ataima pambali pake.

"Ine ndi uja safunsa anadya phula," anauza anthuwo. "Ndikanaika maliro awiri tsiku limodzi. Musadzayese zimene ndinachita ine."

Mlangizi anatseka msonkhano ndi mawu ochepa. "Mbalame yakufa yokha, kapena yofooka moti mungaigwire ndi manja, si ndiwo. Musaitole, musaidye, musaigulitse, ndipo musaipatse galu. Jambulani muli patali, kumbukirani malo ake, ndipo dziwitsani a zaziweto kapena a zaumoyo tsiku lomwelo. Wina akadya, thamangirani naye kuchipatala ndipo mukanene zoona. Mbalame za ku dambo zikayamba kufa, dziwani kuti ngoziyo yayandikira pakhomo panu."