Mkomwene Kuseli kwa Mpanda

Galimoto ya basikopo itabwela ku Nyalugwe chaka chatha, amai Keziah anakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi nsalu yoyela yoonetselapo kanema. Kanemayo anali wa munthu wa lupanga wolumpha pa zingwe za chombo ngati nyani, ndipo anathela poipa: munthuyo atamangidwa pamtengo, chombo chikuyaka. Womasulila anangoti chigawo chachiwili chidzabwela, nazimitsa makina.

Eneless, mwana wao, anaiwala tsiku lomwelo. Anali ndi khanda kumbuyo ndi nshawa zofukula. Koma amai sanaiwale. Ankati wa lupanga uja amaseka ngati Stanislaus, mwana wao amene anapita ku migodi ya ku Wankie zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo osalembako kalata. Ankadziwa kuti si iyeyo, mzungu ndi mzungu, koma mpata wa m'mano unali womwewo.

Tsopano amai anali gone ndi chifuwa, phala akulikankha. Ndiye kunamveka kuti chigawo chachiwili chifika, koma ku Nyimba kokha, chifukwa mvula inadula mseu.

Eneless sanataye nthawi. Anapopa yekha njinga, namangila mbatata zootcha pa kaliyala, nauza mwamuna wake Benson kuti apite ku Nyimba akawaonele amai kanemayo. Benson anadandaula za kumunda.

"Udzu sufa mawa," anatelo Eneless. "Mukaone bwino, osati kukagona."

Benson anabwelako tsiku lotsatila dzuwa lili pamutu, matope mpaka m'mawondo. Vuto linali lakuti Benson anali mkomwene pamudzipo, ndipo chikwatilile sanayang'anepo apongozi ake kumaso. Akakumana panjila ankapatukila m'thengo, ngakhale muli chitedze. Choncho amai anawagoneka pamphasa pakhonde, Benson anakhala kuseli kwa mpanda wa udzu, ndipo Eneless anaima pakati kunyamula mau.

Benson anayamba ndi mahachi, ndi mfumukazi ya ndolo zazikulu. Eneless anadula zonsezo nauza amai kuti munthu uja ali moyo. Amai anafunsa za moto. Benson anapitiliza za nkhondo ya pa masitepe, mmene wa lupanga anagwetsela asilikali asanu ndi mpando, ndipo nkhani itamukoma anatola mthiko wouma pa thandala. Kuseliko kunamveka kudumpha, nkhuku zikuthawa, mpanda ukugwedezeka. Eneless analephela kutsatila.

Amai anadzuka pang'ono, natuma Eneless kuti atenge mbale, aikemo nshawa zodzaza manja awili, akapatse mwamuna wake. Eneless anawayang'ana kawili. Mbale yotelo imatanthauza kuti manyazi atha, ndipo anthu amaipeleka pali akulu, osati chifukwa cha basikopo.

"Bwelani kuno, atate ake a mwana," anatelo amai. "Ndatopa kumvela m'kamwa mwa uyu. Amadula."

Benson anatulukila mthiko uli m'manja, nagwada patali, maso pansi. Amai anamufunsa kuti munthuyo anatuluka bwanji m'moto muja.

Eneless anamutsinzinila kuti apeke chilichonse, kaya chingwe, kaya mvula. Koma Benson sankatha bodza.

"Sanaonetse, amai. Chigawochi changoyamba ali kale pa hachi, wanenepa, wavala malaya atsopano. Za moto sanachulepo n'komwe. Ndinafunsa womasulila, nayenso sadziwa."

Eneless anaona ngati ulendo wonse uja wapita pachabe.

Kenaka amai anaseka, kuseka kokhala ndi chifuwa mkati, mpaka misozi.

"Ndiye amuna amenewo," anatelo. "Ife kuno tikulila moto, iye ali pa hachi. Osatumako ngakhale mau."

Anakhala kanthawi akuyang'ana kunjila. Atatelo anafunsa ngati phala lija lilipo. Linali litazizila, ndipo Eneless anafuna kulitenthetsa, koma amai anati abweletse momwemo, ndipo Benson ayambilenso pa masitepe paja, pang'onopang'ono.