Injini ya Malemu Laston

Amuna anga a Laston atamwalira pangozi, abale awo anasesa nyumba yonse, mpaka ndowa yosambira. Ine anandisiyira chiphapha cha galimoto yomwe inawaphayo. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yochokera ku Joni, ndipo ikalira nkhuku za pamalire zinkabalalika.

Ndinaikokera ku galaja ya a Sulaiman, pafupi ndi chipata cha malire. Anyamata okonda liwiro a ku Blantyre anayamba kufika kudzagula zipangizo zake: wina marimu a matayala, wina mipando, wina ekizozi yosokosa ija. Koma mtima wanga unali pa injini. Siinakhudzidwe pangoziyo, ndipo a Sulaiman anati ikagulidwa ndifolera kanyumba kanga kwa Kanduku, ndileke kupanikizana kwa achemwali ndi ana anga awiri.

Wogula atapezeka, ndinalawirira. Ndinapeza boneti ili yasa, m'kati mawaya okhaokha ali lendelende. Ndinathamangira kwa a Sulaiman.

"A Sulaiman, injini yanga ili kuti?"

Iwo anangolimbikira kupukuta manja oyera kale.

"Mayi, khalani kaye pansi."

"Sindinabwerere kudzakhala ine!"

"Alamu anu a Zakeyu anabwera dzulo. Akuti ndipereke kwa awo."

Analoza ndi mlomo. Injini inali pa pikapu, yomangidwa ndi zingwe. Pambali pake panakhala mayi wovala zakuda ngati ine, ndi mtsikana wamkulu ndithu, mphuno ndi mphumi za a Laston zenizeni.

"Bondiya, mng'ono wanga," anatero mayiyo mofatsa, kupereka moni wa kutsidya kwa malire. "Ndine Dyna, wa ku Zobwe. Pepani ndi zovutazi."

"Mng'ono wanu ndani? Mukundidziwa?"

"Ine ndimakudziwani kalekale. A Zakeyu akuti chachikulu chimapita kunyumba yaikulu."

Ndinamuyang'ananso mtsikanayo. Namwali wotha msinkhu, pamene wanga woyamba ali sitandade 2. Kalanga ine! Pamjigo ndinali katswiri wonyoza akazi olanda amuna a eni, osadziwa kuti wolandayo ndine ndemwe. A Sulaiman anazyolika, kusonyeza kuti nawonso ankadziwa.

Dalaivala analiza pikapu. Mayi uja anasuzumira pansi, nkhope yodzaza chisoni chenicheni, chimene chinandipweteka kuposa chipongwe.

"Musalire, mng'ono wanga. Giyabokosi ndawauza akusiyireni. Nanunso muli ndi ana."