Ufa Wonyezimira M'diso la Chiletso

Diso la Chiletso linali litafiira psuu, misozi yobiriwira ikutsika m'tsaya, koma mwanayo anangoima pakona ya mpanda osatulutsa mawu. Bambo ake, a Justus, anali atamulangiza kuti mwana waulemu sadandaula pakhomo pa eni.

Linali tsiku la Holi, chikondwerero cha Ahindu chothirana ufa wamitundumitundu, ndipo Mayi Hetal, oyandikana nawo ku Evington, dera la kunja kwa dziko lathu kumene ankakhala, ndiwo anawaitana. A Justus, poti analeredwa bwino, sakanapita chimanjamanja. Anagula ufa wobiriwira wonyezimira kwa munthu wina wogulitsira m'galimoto, m'kathumba kosalembedwa kalikonse. Ana amene anali pachikondwererocho anaulimbirana chifukwa unkawala kuposa wina wonse.

Woyamba kuona vutolo anali Mayi Hetal, amene anabadwira ku Limbe ndipo Chichewa sanachitaye.

"Achimwene, taonani mwana!"

A Justus anasolola mpango kuti atikite disolo.

"Iyayi, musatikite!" anakalipa mayiwo. "Mukuliyesa poto? Bwerani naye kumpopi."

Anampendeketsa mutu, madzi oyera akuyenderera m'diso kwa mphindi makumi awiri. A Justus anaimba 111, nambala yofunsira malangizo a zaumoyo, ndipo anauzidwa kuti apite naye kuchipatala pamodzi ndi kathumbako. M'njira monse funso linali limodzi mumtima mwawo: kodi mwana wanga adzaonanso ndi diso limeneli?

Dokotala anaunika disolo, kenako nkuyang'ana ufawo. Anafotokoza kuti ufa wina wotchipa amaupanga ndi utoto wa m'mafakitale, ndipo nthawi zina mumapezeka mtovu kapena tizidutswa tonyezimira tokala diso. Ufa wotero umatha kuyabwitsa khungu ndi kudzutsa mphumu.

"Diso lakalika pang'ono pamwamba pokha," anatero dokotala. "Lipola ndi mankhwala odontheza awa. Mukanatikita, bwenzi tikukamba zina."

A Justus anakhala pansi, natembenukira kwa Chiletso.

"Mwanawe, unalekeranji kunena?"

"Munati ndisadandaule, Adadi."

Bambowo anazyolika. "Mawu anga anaperewera, mwanangu. Kunena kuti chakupweteka si mwano."

Atabwerera, anakagogoda kwa Mayi Hetal, chipewa chili m'manja, kukapepesa ndi kufunsa za ana ena. Onse anali bwino, poti mayiwo anawasambitsa msanga. Kenako Mayi Hetal anaonetsa a Justus ufa wawo, wachimanga, wosakaniza ndi utoto wa m'zakudya.

"Wangawu ngakhale mbuzi itanyambita singadwale," anaseka. "Chaka chamawa mudzabwere ndi zitumbuwa, achimwene. Za utoto musiyire eni ake."

Sabata isanathe, Chiletso ankawerenga bwinobwino ndi maso onse awiri.

Tsono inu makolo, mverani. Mukaitanidwa ku Holi pitani, pakuti kukana chimwemwe cha mnansi nkusaleredwa. Koma musagule ufa wosalembedwa zimene aupangira. Dzozani ana mafuta pakhungu, muwaveke magalasi, ndipo wamphumu asayandikire fumbi ngakhale la ufa wabwino. Ufa ukalowa m'diso, musatikite: tsukani ndi madzi ambiri, ndipo funsani achipatala tsiku lomwelo. Pophunzitsa mwana ulemu, muuzeninso kuti akamva ululu anene msanga, ngakhale pamaso pa akuluakulu.